Munthu amene wangodya mango musamutenge malovu

Chipsereni mango chaka chino, zotsatira za uric acid (asidi amene akachuluka m'thupi amayambitsa gout, nthenda yotupitsa malo olumikizirana mafupa) wa m'malovu zimene achinyamata athu a kafukufuku akubweretsa kuchokera kumidzi zatsika pafupifupi zonse, ngati kuti anthu achira usiku umodzi. Sanachire ayi. Vuto ndi inu otenga malovu amene mukupereka kabotolo kwa munthu ulusi wa mango udakali m'mano.

Mu labotale zambiri timayeza uric acid ndi mankhwala otchedwa uricase. Iyeyu amaphwanya uric acid n'kutulutsa hydrogen peroxide, ndipo peroxide ameneyu ndi amene amabweretsa mtundu wofiira umene makina amawerenga. Tsono vitamini C wa m'mango amadya peroxide uja mtundu usanakhwime. Makina sadziwa za mango. Iwo amangoona mtundu wotuwa n'kulemba nambala yaing'ono. Magwafa ndi malambe amachita chimodzimodzi. Komanso munthu akamatafuna, malovu amatuluka ambiri n'kusukuluka ngati tiyi wa pamaliro, choncho nambala imatsikanso kachiwiri.

Ndatopa nako kumva kuti "timatenga chonchi kuyambira kale". Kale lake liti? Mankhwala oyezera ndi odula, amachokera kunja, ndiye mukuwathera pa madzi a zipatso.

Bambo wina, mlimi wa fodya, anabwera akutsimphina, chala chachikulu cha kuphazi chitatupa moti nsapato anachita kunyamula m'manja. Anali atadya mango m'njira monse. Mnyamata wathu anamutenga malovu pompo, nambala inatuluka yotsika, bamboyo n'kubwerera kwawo ali wokondwa, kukapitiriza chiwindi, usipa ndi mowa. Ululu utafika pomulepheretsa kupalira, anakayezetsa magazi, ndipo anapezeka kuti uric acid wake wadutsa mamiligalamu 6.8 pa desilita (6.8 mg/dL), mlingo umene uric acid amayambira kuundana ngati timchere m'malo olumikizirana mafupa. Atandiona anandifunsa kuti, "Alangizi, wonama ndani, makina anu aja kapena phazi langali?" Ndinasowa choyankha. Pofika nthawi imeneyo munda wake unali utalowa thengo.

Ndinene pano kuti malovu ndi othandiza pa kafukufuku chifukwa safuna jakisoni, koma munthu wotupa chala mutumizeni akayezetse magazi. Gout sitigamula ndi malovu.

Chochita n'chosavuta. Munthu akhale ola lathunthu osadya, osatafuna chingamu, osatsuka mano, chifukwa magazi a m'nkhama nawonso amasokoneza. Achukuche m'kamwa ndi madzi, adikire mphindi 10, kenako aweramitse mutu malovu azidontha okha m'kabotolo. Lembani nthawi. Ikani pa ayezi pomwepo, osati m'thumba la malaya, ndipo ngati simuyeza tsiku lomwelo aumitseni pa -20°C.  Amene muli ndi HPLC, makina oyeza zinthu za m'malovu chimodzichimodzi, vitamini C sakuvutitsani kwenikweni chifukwa makinawo amamulekanitsa, koma malovu osukuluka ndi osukulukabe.