Momwe mungayendere mabwinja a Great Zimbabwe kuchokera ku Chipata, ndi kuzindikira zomwe zinamangidwanso

Kuno kum'mawa malo akale tili nawo. Ku Thandwe pafupi ndi Chipata, ku Makwe ku Katete ndi ku Kalemba ku Chadiza kuli mapanga amene akatswiri anakumba n'kupezamo zida zamiyala, ndipo pamakoma a ena muli zojambula. Koma mapanga si nyumba. Mukafuna kuyenda mumzinda wakale, kulowa pakhomo n'kutulukira kuseri, ulendo wake ndi wa ku Great Zimbabwe, pafupi ndi Masvingo. Ine ndinapitako ndi amalume anga a ku Katete, munthu amene wamanga nyumba zaudzu moyo wake wonse, ndipo maso awo ndiwo anandiphunzitsa kaonedwe ka malowa.

Choyamba: nyengo ndi zikalata

Pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kukuzizira. Mu Okutobala thanthwe limatentha ngati chiwaya, ndipo nthawi yadzinja miyala imaterera. Pasipoti ikhale yosatha. Mwini pasipoti ya Zambia safunika viza. Sinthiranitu makwacha mutenge madola a ku America, makamaka ang'onoang'ono, chifukwa chenji chimavuta.

Chachiwiri: njira

Basi ya m'mbandakucha kuchoka ku Chipata, makilomita ngati 570 mumsewu wa Great East, mudutse pa Luangwa pamene amagulitsa nsomba zouma paja, mukagone ku Lusaka. Mawa lake mukawoloke Zambezi pa Chirundu, mufike ku Harare, kenako makilomita ena pafupifupi 290 kukafika ku Masvingo. Kuchoka m'tauniyo kukafika pamabwinja ndi makilomita osakwana 30. Werengerani masiku awiri athunthu popita. Ndi ulendo wotyola msana, ndisakunamizeni.

Chachitatu: muyambe ndi phiri, m'mawa

Mukalipira pageti, pezani wokuperekezani. Musaumire ndalama imeneyi. Malowa ali m'zigawo zitatu: paphiri, mpanda waukulu, ndi mabwinja a m'chigwa. Yambani paphiri dzuwa lisanakwere. Njira yakale ndi yotsetsereka, imadutsa pakati pa matanthwe, mwina mpata wake wongokwana munthu mmodzi. Palinso ina yatsopano yosatopetsa kwambiri. Kwerani pa yakale, mutsikire pa yatsopano. Nsapato zikhale zogwira pansi. Ine ndinavala zakutchalitchi ndipo ndinatsika ndi matako. Chakudya chisaonekere, apusi a kumeneko alibe manyazi. Vitumbuwa vathu vinapita tikuona.

Chachinayi: phunzirani kufunsa kuti "ichi n'chakale kapena n'chomangidwanso?"

Apa ndiye pagona nkhani. Mzindawu unamangidwa ndi makolo a Ashona kuyambira cha m'ma 1100 mpaka m'ma 1400, miyala yokhayokha yosanjikizana, popanda matope kapena simenti. Khoma la mpanda waukulu ndi lotalika mpaka mamita 11, ndipo kulizungulira ndi mamita ngati 250. Mkati muli nsanja yosongoka ya mamita pafupifupi 10, yopanda chipinda, imene ambiri amaifanizira ndi nkhokwe. Khoma lopanda matope limafufuma, nthawi zina n'kugwa, ndiye kwa zaka zoposa 100 anthu akhala akulidzutsa.

Odzutsawo si onse anali ndi dzanja labwino. Richard Hall, amene anapatsidwa udindo woyang'anira malowa mu 1902, anakokolola dothi lambiri pofunafuna umboni woti anamanga ndi alendo, n'kutaya zomwe zikanatiuza mbiri. Ena a nthawi ya atsamunda anamanganso zipata za mpanda waukulu mongoganizira. Masiku ano amisiri amajambula khoma, n'kuika chizindikiro pa mwala uliwonse asanaphwasule, kuti ubwerere pamalo pake. Choncho mukaima pachipata, mfunseni wokuperekezani kuti chinamangidwanso liti, ndipo anatsata chiyani.

Inunso yang'anani. Pomwe miyala yake ili ndi ndere zofanana ndipo mizere ikuyenda mosadukiza, nthawi zambiri mpakale. Pomwe mzere ukuthyoka mwadzidzidzi, kapena mwala woyera wakhala pakati pa yakuda, dzanja lina linafikapo. Si lamulo losalephera, poti omanganso amagwiritsa miyala yomweyo inagwa, koma limakutsegulani maso. Kwezaninso mutu muone mizere yokhotakhota imene ili pamwamba pa khoma lakunja, yonga ija amayi amalemba pamtsuko.

Chachisanu: yang'anani pansi

Ambiri amangoti kukamwa yasa ndi makoma, n'kuiwala kuti anthu sankagona m'miyalamo. Makoma anali mipanda. Nyumba zenizeni zinali zadothi, zozungulira, zofolera ndi udzu, ndipo zinatha monga zimathera zathu: denga likaola, mvula imamaliza khoma. Chotsala ndi pansi pozira, polimba ngati simenti, ndi tizitsa ta makoma. Aliyense amene anayendapo pabwinja la kwawo n'kuzindikira mafuwa, mapale ndi mphero adzazidziwa msanga. Amalume anagwada, n'kugogoda pansipo ndi chala, amvekere: "Mphwanga, dothi ili analiponda anthu odziwa, osati zathu zothamangira mvulazi." Musapondepo, ndipo phale kapena mkanda mukauona musatole. N'kulakwira lamulo, komanso chinthu chikachoka pamalo pake sichinenanso kanthu.

Chachisanu ndi chimodzi: mudzi womangidwanso

Chapafupi pali mudzi wachishona umene unamangidwa kuti alendo aone moyo wapamudzi: nyumba, nkhokwe, zoumba, magule. Lowani, khalani pansi, mununkhize utsi wa kutsindwi. Zimathandiza kuti tizitsa munaona kuja tisanduke nyumba m'maganizo. Koma musachoke mukuganiza kuti mfumu ya m'ma 1300 inkagona m'kanyumba kotero. Mudziwo ukuonetsa moyo wa pambuyo pake kwambiri. Ngakhale akatswiri akamanga nyumba potsata zokumba, dothi limangowauza kukula kwa nyumba, pomwe panali khomo ndi pamoto. Kutalika kwa denga, kamangidwe ka phaso ndi kafoleredwe ka udzu amabwereka kwa anthu amakono. Amalume anaima nthawi yaitali akuyang'ana luzi la paphaso, osakhutira ndi mfundo zake, ndipo ndinachita kuwakoka.

Chachisanu ndi chiwiri: malizirani m'nyumba yosungira zakale

Mukalowamo mapazi atatopa kale, zinthu zake zimamveka bwino. Muli mbalame zosemedwa pamwala wofewa, zimene imodzi mwa izo ili pa mbendera ya Zimbabwe. Zonse zodziwika zilipo 8. Pamalowa panapezekanso mikanda yagalasi, mapale a mbale za ku China ndi ku Persia, ndi khobidi la ku Kilwa, mzinda wakale wa kugombe la Tanzania, umboni wa malonda a golide ndi minyanga opita kunyanja. Mudzamvanso za Karl Mauch, amene anafika mu 1871 n'kunena kuti ndi mzinda wa mfumukazi ya ku Seba. Bodzalo analitsutsa David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929, atakumba n'kupeza kuti omanga anali eni dziko. Bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 1986.

Funsani musanajambule m'katimo, ndiponso musanajambule ovina kumudzi kuja; kangachepe m'mbale sikalakwika. Patulani maola anayi kapena asanu, madzi akumwa akhale m'chikwama, ndipo muuze wa takisi nthawi yodzakutengani musanatsike, chifukwa madzulo magalimoto obwerera ku Masvingo amasowa.