Njira Yosavuta Yovekera Zida Akavalo a Tizidole ta Masewera a Nkhondo

Amene mukufuna kuveka akavalo a tizidole ta 28mm (msinkhu wa kachidole ka munthu) zida zachitsulo zodzitetezera za ku Ulaya za m'zaka za m'ma 1400, musavutike kuziumba ndi Green Stuff, phula loumbira tizidole, chifukwa imakhuthala msanga, kavalo n'kumaoneka wotupa. Gwiritsani ntchito chitsulo chopyapyala cha chubu ya phala la tomato, mutachitsuka ndi kuchiwongola ndi msana wa supuni.

Choyamba matani tepi yapepala pachifuwa pa kavaloyo, mujambulepo mawonekedwe a chotchinga chifuwa ndi pensulo, kenako muyimatule, muyimate pachitsulocho ndi kudula motsatira mzerewo. Mbali ya pakhosi, yotchedwa crinet, ndiyo imafuna kuleza mtima: dulani timizere ting'onoting'ono ta chitsulocho, mutimate kamodzikamodzi ndi superglue, kalikonse kakuphimba pang'ono kanzake, monga zilili pa zida zachijeremani za cha m'ma 1480 zosungidwa ku Wallace Collection, nyumba yosungiramo zinthu zakale mu London.

Njirayi imathandiza chifukwa chitsulocho chimapindika mosavuta koma chimasunga mphepete zakuthwa, zomwe zimagwira bwino utoto wasiliva. Zida za akavalo ena zipakeni utoto wamitundu, popeza zida zambiri za akavalo za nthawi imeneyo zinali zachikopa choumitsa chopakidwa utoto.