Momwe mungakonzere ulendo woyendera mizinda ya ku Italy pa sitima yapamtunda

Dziko la Italy ndi lalitali koma lopyapyala, ndipo mizinda yake yotchuka yambiri yandandalikana pa njanji imodzi ya sitima zothamanga kwambiri, kuyambira ku Napoli chakumwera, kudzera ku Roma, Firenze ndi Bologna, mpaka ku Milano chakumpoto, pomwe njanji ina imapatuka ku Bologna kulowera ku Venezia. Munthu wofuna kuona mizinda imeneyi safunika kubwereka galimoto, chifukwa sitima imamutula pakatikati pa mzinda, kumene galimoto za alendo siziloledwa n'komwe m'misewu yambiri yakale. Komabe ulendo wotere umasokonekera mosavuta ngati wokonzayo wathamangira kugula matikiti a sitima, n'kudzazindikira mochedwa kuti tsiku lokhalo limene ali nalo ku Firenze ndi Lolemba, pamene nyumba zikuluzikulu zoonetseramo zojambula zimakhala zotseka. Malangizo anga ndi akuti muyambe mwasankha zimene mukufuna kukaona ndi masiku ake, za sitima zibwere pambuyo.

Choyamba: viza, nyengo ndi ndege

Aliyense amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza ya Schengen, yomwe ndi yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy, ngakhale amene akukhala ku Britain. Ofesi ya kazembe wa Italy ku Lusaka ndiyo imayang'aniranso Malawi, choncho funsani kumeneko kuti akuuzeni kokapereka mapepala anu. Viza ya munthu wamkulu ndi mayuro 90, ndipo pamafunika inshulansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000, umboni wa kumene mukagone ndiponso ndondomeko ya ulendo wonse. Lamulo limalola kupempha viza kutatsala miyezi 6, ndipo ndi bwino kutero msanga, chifukwa matikiti ena amene ndikambe m'munsimu amatha mofulumira ndipo ndalama zake sizibwezedwa.

Miyezi yabwino ndi kuyambira Epulo mpaka Juni, kenaka Sepitembala ndi Okutobala. Mu Julaye ndi Ogasiti dzuwa limaswa mtengo, alendo amakhala piringupiringu, ndipo cha pa 15 Ogasiti, tsiku la tchuthi cha Ferragosto, eni masitolo ndi malo odyera ambiri amatseka n'kupita kunyanja. Pogula tikiti ya ndege, pemphani yoti mukatsikire ku Roma koma mudzakwerere ku Milano. Ndege za Ethiopian Airlines zodzera ku Addis Ababa zimafika m'mizinda iwiri yonseyi, ndipo mukatero simudzataya tsiku ndi ndalama kubwerera kumene munayambira.

Chachiwiri: chepetsani mizinda

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Akaona kuti kuchokera ku Roma kupita ku Firenze ndi ola limodzi ndi theka, ndipo kuchokera ku Firenze kupita ku Venezia ndi maola awiri ndi mphindi zochepa, amaganiza kuti angathe kugona mzinda wina usiku uliwonse. Zoona zake n'zakuti kusamuka kulikonse kumadya theka la tsiku, mukaphatikiza kulongedza, kutuluka mu hotela, kudikira pa siteshoni ndi kufunafuna nyumba yatsopano mukukoka chikwama pa misewu yamiyala. Ngati muli ndi masiku khumi, gonani masiku anayi ku Roma, atatu ku Firenze, awiri ku Venezia ndi limodzi ku Milano.

Malo ang'onoang'ono muziwayendera kuchokera kumene mwakhazikika, katundu mutasiya m'chipinda. Nsanja yopendekeka ya ku Pisa ili pa mtunda wa ola limodzi chabe kuchokera ku Firenze. Kuchokera ku Roma mungathe kupita ku Pompei, mzinda umene unakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvio m'chaka cha 79, n'kubwerako tsiku lomwelo: mumakwera sitima yothamanga ya ku Napoli Centrale kwa ola limodzi ndi mphindi pang'ono, kenaka n'kutsikira pansi pa siteshoniyo kukakwera kasitima ka Circumvesuviana kolowera ku Sorrento, n'kutsika pa Pompei Scavi. Kasitima kameneka ndi ka kampani ina, ndiye kali ndi tikiti yakeyake. Amene akufuna kukapemphera pa manda a Fransisko Woyera ku Assisi adziwe kuti siteshoni ili m'chigwa, ndipo kukafika kumzinda wakale pamwamba pa phiri ndi pa basi.

Chachitatu: sankhani malo oti mukaone, mulembe masiku amene amatseka

Tengani pepala mulembe malo osaposa awiri akuluakulu pa tsiku, limodzi m'mawa, lina madzulo. Maso ndi miyendo zimatopa, ndipo munthu amene walowa nyumba yachitatu ya zojambula tsiku limodzi saonanso kanthu, amangodutsa.

Ku Roma, tikiti ya bwalo la Colosseo, limene linatsegulidwa m'chaka cha 80, imakulowetsaninso ku mabwinja a Foro Romano ndi pa phiri la Palatino, ndipo zitatuzi zimadya pafupifupi tsiku lonse. Tikitiyo imalembedwa dzina lanu ndi nthawi yolowera, choncho nyamulani pasipoti. Nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican, zimene zimathera mu tchalitchi cha Sistina chomwe denga lake anajambula Michelangelo pakati pa 1508 ndi 1512, zimatseka Lamulungu, kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi pamene kulowa n'kwaulere koma mzere wake ndi wosaneneka. Kulowa m'tchalitchi cha Petro Woyera sikulipiritsa, koma alonda amabweza aliyense amene mapewa kapena maondo ali poyera, ndipo lamulo limeneli lili m'matchalitchi ambiri a m'dzikomo. Papa akakhala ku Roma amakumana ndi anthu Lachitatu m'mawa. Ngati mtima wanu uli pamenepo, ikani Lachitatu pakati pa masiku anu a ku Roma musanakonze china chilichonse.

Ku Firenze, nyumba ya Uffizi ndi ya Accademia, kumene kuli chosema cha Davide chimene Michelangelo anamaliza mu 1504, zonse ziwiri zimatseka Lolemba. Limenelo ndiye tsiku labwino lopitira ku Pisa. Denga lozungulira la tchalitchi chachikulu cha mzindawu, limene Filippo Brunelleschi anamaliza mu 1436, lili ndi masitepe 463 opanda chikepe, m'njira yopanikiza yodutsa pakati pa makoma awiri a dengalo. Kukwerako kumafuna kusungitsiratu nthawi, ndipo amene ali ndi vuto la mtima kapena la maondo asadzikakamize, chifukwa mzinda wonse umaonekanso bwino kwaulere mutaima pa Piazzale Michelangelo, kutsidya kwa mtsinje wa Arno.

Ku Venezia sindingakulimbikitseni kudzaza tsiku ndi matikiti. Tchalitchi cha San Marco ndi nyumba yachifumu ya Palazzo Ducale n'zokwanira, ndipo nthawi yotsalayo muyende wapansi m'tinjira ta kutali ndi khamu kapena mukwere bwato la vaporetto, lomwe ndiye basi ya kumeneko, kutsata ngalande yaikulu ya Canal Grande. Kuyambira mu 2024 mzindawu unayamba kulipiritsa alendo obwera n'kubwerera tsiku lomwelo pa masiku ena otanganidwa, pamene ogona mumzindamo salipira ndalama imeneyi ngakhale amafunika kulembetsa.

Ku Milano kuli chinthu chimodzi chimene chingasinthe dongosolo lanu lonse: chithunzi cha Mgonero Womaliza chimene Leonardo da Vinci anajambula pa khoma la chipinda chodyera cha ansembe ku Santa Maria delle Grazie. Anthu amalowa m'timagulu, gulu lililonse mphindi 15 zokha, ndipo matikiti amatha kutatsala milungu yambiri. Ngati mukufuna kuchiona, imeneyi ikhale tikiti yoyamba kugula viza ikangotuluka. Matikiti onsewa muzigula pa masamba a intaneti a eni malowo, chifukwa pali ogulitsa ambiri apakati amene amakweza mtengo kwambiri.

Chachinayi: tsopano gulani matikiti a sitima

Pa njanji yothamanga pali makampani awiri opikisana. Trenitalia ndi ya boma ndipo imayendetsa sitima za Frecciarossa, pamene Italo ndi ya anthu wamba ndipo inayamba mu 2012. Zonse zimathamanga mpaka makilomita 300 pa ola, zimaima pa masiteshoni akuluakulu omwewo, ndipo tikiti iliyonse imakhala ya sitima inayake, ya nthawi inayake, yokhala ndi nambala ya bogi ndi ya mpando. Tikiti ya kampani imodzi siigwira ntchito pa sitima ya inzake. Mitengo imakwera tsiku likamayandikira, choncho yerekezani makampani onse awiri kutatsala milungu ingapo. Matikiti otsika mtengo kwambiri, monga Super Economy ya Trenitalia, sabwezedwa ndalama mukaphonya sitima, ndiye musagule otere pa tsiku limene mukutsika ndege, poti ndege ikhoza kuchedwa.

Sitima za m'madera, zotchedwa Regionale, n'zosiyana. Mtengo wake susintha, mipando sasungitsa, ndipo palibe chifukwa chogulira msanga. Koma ngati mwagula tikiti yapepala pa makina kapena pa windo, muyenera kuidinda m'kamakina kamene kamakhala polowera ku pulatifomu musanakwere. Lowetsani tikitiyo mpaka mutamva kulira kwa chidindo, ndipo muyang'ane ngati tsiku ndi nthawi zalembekadi. Kondakitala akakupezani ndi tikiti yosadinda amakulipiritsani chindapusa, ndipo kunena kuti ndinu mlendo sikuthandiza.

Ena amafunsa za chiphaso cha Eurail, chimene chimalola alendo kukwera sitima zambiri za ku Ulaya kwa masiku angapo pa mtengo umodzi. Pa ulendo wa mizinda inayi yokha, nthawi zambiri matikiti ogula msanga amatsikirapo mtengo, chifukwa chiphasocho sichigwira ntchito pa Italo ndipo pa Frecciarossa mumalipirabe ndalama yosungitsira mpando.

Samalani ndi maina a masiteshoni. Pa intaneti ndi pa zikwangwani mizinda imalembedwa m'Chitaliyana, ndiye Florence ndi Firenze, Venice ndi Venezia, Naples ndi Napoli. Siteshoni ya pakati pa Roma ndi Termini, ya ku Firenze ndi Santa Maria Novella. Ku Venezia musatsike pa Mestre, chifukwa kumeneko n'kumtunda. Dikirani sitima iwoloke mlatho wautali wa pamadzi mpaka Santa Lucia, pomwe mukangotuluka pakhomo ngalande ili patsogolo panu.

Chachisanu: tsiku la ulendo

Fikani pa siteshoni kutatsala mphindi 20 kapena 30, muime pansi pa bolodi lolembedwa Partenze, lomwe ndi la sitima zonyamuka. Bolodilo limasonyeza kumene sitima ikukathera, osati kumene inu mukatsike, kotero sitima yanu ya ku Firenze ikhoza kulembedwa kuti Milano kapena Venezia. Muziyang'ana nambala ya sitima imene ili pa tikiti. Nambala ya pulatifomu, pansi pa mawu oti Binario, imatuluka kutatsala mphindi zochepa, ndipo anthu onse amanyamuka nthawi imodzi. Imeneyi ndiyo nthawi imene opisa m'matumba amakonda, choncho pasipoti ndi ndalama zikhale m'kachikwama ka m'kati mwa malaya, ndipo musapereke katundu kapena tikiti kwa munthu wopanda yunifolomu amene akudzipereka kukuthandizani.

Ogwira ntchito za njanji ku Italy amanyanyala ntchito kawirikawiri, koma masiku ake amalengezedwa pasadakhale. Kutatsala sabata, fufuzani mawu oti sciopero pa tsamba la kampani yanu. Pa masiku a ntchito, sitima za m'madera zimayendabe kuyambira 6 mpaka 9 koloko m'mawa ndiponso 6 mpaka 9 koloko madzulo, ndipo makampani amatulutsa mndandanda wa sitima zazitali zimene sizidzaima.

Malo ogona asakhale patali ndi siteshoni kuposa pamene mungayende wapansi mutanyamula katundu, makamaka ku Venezia kumene milatho yambiri ili ndi masitepe. Sungani ndalama pang'ono zolipira msonkho wa alendo umene mahotela amatolera pa munthu aliyense usiku uliwonse, poti nthawi zambiri suwerengeredwa pa mtengo wa chipinda. Kuchokera pa bwalo la ndege la ku Roma la Fiumicino, sitima ya Leonardo Express imakafika ku Termini m'mphindi 32 osaima pena paliponse, ndipo pobwerera kwanu ya Malpensa Express, yopita ku bwalo la ndege la ku Milano la Malpensa, imanyamukira ku Milano Centrale kapena ku Cadorna. Usiku womaliza mugone ku Milano komweko, kuti sitima yochokera kutali ikachedwa kapena kuimitsidwa isakuphonyetseni ndege.