Momwe mungagulire ndi kusamalira lole yakale ya asilikali kuno ku Zomba

Mu mzinda wa Zomba lole yobiriwira ya matayala akuluakulu si chinthu chachilendo. Asilikali akhala kuno kuyambira nthawi ya King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo Cobbe Barracks ndi chipilala cha wotchi chokumbukira amene anafera ku nkhondo zidakalipo mpaka lero. N'chifukwa chake munthu akaona Bedford yakale itaphwa matayala kuseri kwa galaja, mtima umayamba kuwerengera: bwanji nditaidzutsa, izikanditutira mpunga ku Likangala, njerwa ku Thondwe, kapena kukweza alendo pamwamba pa phiri?

Maganizowo si oipa. Malole amenewa anapangidwira njira zovuta, ndipo msewu wa ku Chingale kapena wa ku Kachulu mu February sufuna kagalimoto kotsika. Vuto ndi lakuti ambiri amayamba ndi kumvetsera injini. Ikangolira bwino, basi, ndalama zatuluka m'thumba. Yambani ndi mapepala, kenako chassis (chitsulo cha pansi chimene chimanyamula lole yonse), kenako mabuleki, injini pomalizira. Injini amakanika athu amaidziwa. Mapepala osowa palibe makanika amene angawakonze.

Choyamba: dziwani mtundu umene mukufuna

Bedford RL, imene asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito cha m'ma 1953, ndiyo yokongola pa zonse. Koma ndi ya petulo, injini yake ndi ya malita 4.9, ndipo imamwa mosaona nkhope. Imeneyo ndi ya munthu wofuna kuoneka nayo pa ukwati kapena pa chionetsero, osati yotutira mchenga. Yantchito ndi Bedford MK, imene inatuluka cha m'ma 1970, ndi mng'ono wake MJ wa mu 1981. Zonsezi zimanyamula matani anayi, zimakoka ndi matayala onse anayi, ndipo injini yake ya malita 5.4 ndi ya banja limodzi ndi imene inali m'ma Bedford wamba a TK ndi J omwe ankadzaza misewu ya dziko lino. Kampani ya Bedford inasiya kupanga malole m'zaka za m'ma 1980, koma chifukwa cha ubale umenewu masipeya ena amapezekabe kwa ogulitsa zakale ku Ndirande ndi ku Limbe, ndipo amakanika achikulire saidabwa.

Imene inalowa m'malo mwa Bedford ku Britain cha m'ma 1990 ndi Leyland DAF T244. Injini yake ndi Cummins ya malita 5.9, imene ilinso m'malole ambiri a masiku ano, choncho zosefera mafuta ndi oyilo sizivuta. Kuchokera ku South Africa kuli SAMIL 20, 50 ndi 100, zopangidwa potengera Magirus Deutz. Zambiri zili ndi injini ya Deutz yozizira ndi mphepo, yopanda radiyeta, ndipo masipeya ake mutha kutuma munthu wa ku Johannesburg. Unimog 404 ya Mercedes, yopangidwa pakati pa 1955 ndi 1980, imadutsa pamene zinzake zonse zaima chifukwa mimba yake ndi yokwera kwambiri, koma ndi ya petulo, imanyamula pang'ono, ndipo zambiri chiwongolero chili kumanzere. Pa msewu wa Zomba–Blantyre, kupitirira lole ina muli kumanzere n'kuyesa Mulungu.

Ine ndikanati: wofuna ntchito atenge MJ, Leyland DAF kapena SAMIL. Amene thumba lake ndi lopepuka ayambire pa Land Rover Series III ya asilikali, imene ngakhale mnyamata wophunzira ntchito pa galaja amaimasula.

Chachiwiri: gulani pamalo oyera

Njira zilipo zitatu. Boma limagulitsa galimoto zake zotha ntchito pa okushoni, motsatira malamulo ogulira ndi kugulitsira katundu wa boma omwe amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la PPDA, ndipo zidziwitso zake zimatuluka m'nyuzipepala. Pitani pa tsiku loonera, chifukwa pa okushoni mumagula chinthu momwe chiliri, chilibe kubweza. Njira ina ndi kugula kwa anthu wamba: maesiteti, mamishoni, ocheka matabwa. Yachitatu ndi kuitanitsa kunja kudzera ku Durban, Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Musanatumize ngakhale tambala, pitani kwa clearing agent wovomerezeka akuwerengereni msonkho wa MRA pamodzi ndi za pa doko ndi zonyamulira, chifukwa nthawi zina zimenezi zimaposa mtengo wa lole yeniyeniyo.

Pali njira yachinayi imene simuyenera kuiponda. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi mnzake mkati amene angatulutse lole kapena masipeya usiku, tsanzikani. Katundu wa asilikali amakhala ndi manambala, ndipo akadzapezeka pakhomo panu wonong'oneza uja sadzakhalapo.

Chachitatu: mapepala

Apa m'pofunika kufatsa. Lole imene inali kale m'manja mwa anthu wamba iyenera kukhala ndi bulubuku, ndipo dzina la pa bulubukuyo likhale la amene akukugulitsaniyo. Ngati mwini wake anamwalira, musakhutire ndi mawu akuti "ndine mwana woyamba". Funani kalata yosonyeza amene anapatsidwa mphamvu pa chuma cha masiye, apo ayi mudzaona abale ena akubwera ndi apolisi lole mutaikonza kale.

Imene ikuchokera ku boma kapena kwa asilikali imafuna kalata yotsimikiza kuti inachotsedwa m'kaundula wawo n'kugulitsidwa kwa inu, pamodzi ndi risiti ya okushoni. Funsaninso ku MRA ngati pali msonkho woti mulipire, chifukwa galimoto yolowa m'dziko mosalipira msonkho ikasintha manja nkhaniyo imatha kudzuka. Yochokera kunja ikhale ndi mapepala a kasitomu ndi chiphaso cha apolisi chosonyeza kuti si yakuba.

Tsopano tengani tochi, burashi yawaya ndi kansanza. Pezani nambala yokhomedwa pa chassis ndi ya pa injini, mupale penti ndi girizi, muwerenge chilembo ndi chilembo mukuyang'ana pa pepala. Musadalire kachitsulo kokhomedwa ndi marivetsi m'kabini, kameneko aliyense atha kusamutsa. Malole a asilikali ankasinthidwa injini kawirikawiri, choncho nambala ya injini kusiyana ndi ya pa pepala si chizindikiro cha kuba nthawi zonse, komabe wogulitsa aikonze ku Road Traffic musanamalize kulipira. Nambala ya chassis ikaoneka yopalidwa ndi grinder kapena yokhomedwa kawiri, bwererani kunyumba. Lembani mgwirizano, asaine mboni ziwiri, ndipo musinthe umwini mu MalTIS, kaundula wa pa kompyuta wa ku Road Traffic, nonse awiri mulipo, osati kudzera mwa madobadoba.

Chachinayi: lowani pansi

Valani ovolosi, yalani katoni, tengani hamala yaing'ono. Gogodani chassis kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwee. Chodyedwa ndi dzimbiri chimangoti phu, n'kugwetsa makoko ofiira. Fatsani pamene pamangiriridwa masipuling'i, pa mipiringidzo yopingasa, pansi pa bokosi la mabatire pamene asidi amadonthera, ndi pansi pa kabini poponda mapazi. Penti watsopano wakuda pansi pa lole yakale ndi wokayikitsa: kandani ndi sikuludiraiva muone chimene wabisa. Kabini yoboola imawotcherereka. Chassis yosweka pafupi ndi chiwongolero kapena yopindika, ngakhale mtengo utsike bwanji, imeneyo ndi ya masipeya basi.

Musanyengedwe ndi makilomita ochepa pa wotchi. Lole ya asilikali imatha zaka itangoima pa bwalo, ndipo kuima kumaononga kuposa kuyenda. Malabala amauma, ma seal amang'aluka, madzi amalowa m'ma diff, mabokosi a magiya okhala pakati pa matayala. Masulani kabawuti ka pa diff iliyonse ndi pa giyabokosi, lowetsani chala. Oyilo woyererako ngati phala la mgaiwa ndiye kuti wasakanikirana ndi madzi.

Chachisanu: mabuleki ndi matayala

Kwina kuchigwa munthu atha kuzengereza nazo. Kuno ayi. Bedford MK ndi MJ zimagwiritsa ntchito mphepo ndi brake fluid pamodzi: mphepo ndi imene imakankha, fluid n'kukafinya kumatayala. Lizani injini muone ngati singano ya mphepo ikukwera msanga, kenako zimitsani mumvetsere. Kulira kwa "psii" ndiye kuti mphepo ikuthawa. Tsegulani kampopi ka pansi pa thanki ya mphepo. Pakatuluka madzi ambiri kapena oyilo, kompuresa yatopa. Yang'anani kuseri kwa tayala lililonse ngati panyowa. Upangiri wanga ndi wakuti, kaya wogulitsa alumbire bwanji, sinthani mapaipi onse a labala, ma seal a m'masilinda ndi fluid yense musananyamule thumba limodzi la chimanga.

Matayala ndi amene amadula mutu. MK ndi MJ zimavala 12.00-20, ndipo kugula anayi ndi lapadera limodzi kutha kufanana ndi theka la zimene mwalipira pa okushoni. Mano a tayala atha kuoneka atsopano pamene labala inakalamba kalekale. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi omalizira pa mzere woyamba ndi mawu oti DOT: 2314 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2014. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo ndi la chaka cha 2000 chisanafike. Marimu ambiri a malole amenewa ndi ogawika, okhala ndi mkombero wachitsulo wotsekera. Mkombero umenewo ukakhala molakwika umauluka popopa, ndipo wapha anthu. Wopopa amange tcheni mozungulira, aime pambali, ana atalikire.

Chachisanu ndi chimodzi: injini ndi magetsi

Uzani wogulitsa asailize inu musanafike, ndipo mukafika gwirani injini ndi dzanja mutsimikize kuti ndi yozizira. Utsi wakuda ndi nkhani ya ma nozzle kapena chosefera mphepo, zokonzeka. Wabuluu ndi oyilo amene akupsa. Woyera wosaleka injini itatentha ndi madzi, mwina gasiketi. Tsegulani potsirira oyilo injini ikulira. Ikamapemerera utsi mwamphamvu, mapisitoni atha.

Malole ambiri a asilikali ndi a mavoti 24, kutanthauza mabatire awiri olumikizana. Gulani onse awiri tsiku limodzi, a mtundu umodzi. Musalole wina alumikize wailesi kapena chotchajira foni ku batire limodzi. Limenelo limafa msanga n'kukoka linzake. Pali kabokosi kotsitsa mavoti kuchoka pa 24 kufika pa 12, sikodula. Mababu, sitata ndi alternator zonse zikhale za 24. Komanso Bedford ndi Land Rover zakale zili ndi mabawuti a mainchesi, choncho gulani masipanala ake, chifukwa sipanala ya mamilimita imangodya mitu.

Ngati mwasankha ya petulo, kumbukirani kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba. Ethanol amafewetsa mapaipi a labala akalekale ndi kachikopa ka mu pampu ya mafuta, ndiye sinthiranitu.

Chachisanu ndi chiwiri: kuika pa msewu

Tsiku logula musaiyendetse. Ikokeni ndi chitsulo, osati chingwe, kapena muikweze pa lole ina. Mukaikonza, ku Road Traffic adzafuna COF, ndipo inshulansi ya third party ndi lamulo. Konzani magetsi onse, ma indicator, mawaipa, magalasi ndi zonyezimira, mukhalenso ndi ma triangle awiri. Layisensi ya code B imathera pa makilogalamu 3,500, ndiye ingokwanira Land Rover. Bedford MJ ikufuna C1, imene imafika pa 16,000. Wochita hayala afunsenso za PrDP, chiphaso cha madalaivala onyamula katundu kapena anthu pa malonda, ndipo wofuna kukweza alendo awauze a inshulansi poyera kuti muzikhala anthu.

Za penti: chotsani nambala, zizindikiro ndi mabaji onse a asilikali. Malawi Defence Force imaletsa anthu wamba kuvala zovala zamawangamawanga zachisilikali, ndipo mu mzinda wa asilikali ngati uno kuyendetsa lole ya mawanga otero n'kudziputira mafunso pa rodibuloko iliyonse. Pakani mtundu umodzi, woyera, wabuluu kapena wachikasu, ndipo mtundu watsopanowo ulembedwe pa bulubuku.

Ikakhala yanu

Si galimoto yothamangira. MJ ikafika makilomita 70 kapena 80 pa ola yatha mawu, ndiye ulendo wa ku Blantyre muzinyamuka m'mamawa. Pa tala musayende mutalowetsa 4x4 ya giya yotsika kapena diff lock, mudzathyola shafti. Potchaja hayala werengerani mafuta a kupita ndi kubwera, muonjezere kena ka matayala. Mafuta akasowa pewani a m'zigubu, chifukwa madzi ndi parafini zimapha pampu ya dizilo. Ngati mwakakamizika, sefani ndi nsalu ndipo mukhale ndi fyuluta yapadera m'kabini. Matabwa kapena nkhuni za m'phiri muzinyamula pokhapokha mwini katundu waonetsa chilolezo cha a zankhalango, chifukwa lole yogwidwa ndi katundu wotere imatha kulandidwa.

Potsika kuchokera ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba, lowetsani giya imene munakwerera musanayambe kutsetsereka, injini izigwira yokha. Mabuleki a dramu akatentha amaleka kugwira, ndipo pa ngodya za msewu umenewo mumakumana ndi njinga zosenza nkhuni mulu wopitirira mutu, ndi ana ogulitsa sitiroberi ataima m'mphepete penipeni. Mukamva fungo lopserera, imani pamalo otakasuka, ikani miyala kumatayala, mudikire azizire. Musawathire madzi, dramu imang'aluka.

M'mawa uliwonse onani oyilo ndi madzi, madzulo mutulutse madzi m'thanki ya mphepo. Ikakhala yopanda ntchito, muziiyendetsa ndithu kamodzi pa sabata mpaka itenthe, osangoiliza pakhomo, ndipo muiimike pansi pa denga osati pansi pa mtengo, pomwe masamba amadzaza m'ngalande za kabini n'kusunga chinyezi. Nyengo ya mvula, mukawoloka mtsinje kapena madzi osefukira a ku chigwa cha Chilwa, pondani buleki pang'onopang'ono mukuyenda kuti aume. Mukafika kunyumba pomperani girizi m'ma nipple onse a pa propshaft ndi pa chiwongolero mpaka wakale atuluke, kenako mumasulenso kabawuti ka pa diff muone mtundu wa oyilo.