Musafulumire kufufuta chithunzi chanu

Ndajambula anthu kwa zaka zambiri, ndipo mawu amene ndimawamva kwambiri ndi akuti: "Ayi, fufutani chimenecho, si ine." Tsiku lina mtsikana wina atadziona pa kamera yanga, nkhope inagwa, misozi ili lengelenge. Mkulu wake, amene anali pambali, anadabwa: "Iwe, komatu ndi mmene ulili, ndipo waoneka bwino." Zimandipweteka kuona munthu akudana ndi nkhope imene anzake amaikonda.

Yambani ndi kumvetsa galasi. Palibe nkhope yofanana ndendende mbali zonse ziwiri: diso lina limatsikirako, mphuno imapendekera kwinakwake, pakamwa pamakwera mbali imodzi mukamaseka. Galasi limatembenuza zonsezi, ndipo nkhope yotembenuzidwayo ndi imene mwaizolowera kuyambira muli mwana. Chithunzi chimakuonetsani mmene anthu ena amakuonerani, n'chifukwa chake chimakhala ngati cha mlendo. Mu 1977, ofufuza otchedwa Mita, Dermer ndi Knight anaonetsa anthu zithunzi ziwiri za nkhope zawo, china chenicheni, china chotembenuza. Eni ake ambiri anasankha chotembenuzacho, koma anzawo apamtima anasankha chenichenicho. Kale mu 1968, katswiri wa za maganizo Robert Zajonc anali atasonyeza kuti chinthu chimene timachiona kawirikawiri timayamba kuchikonda. Choncho chithunzi chimene chakunyansani lero chisungeni kwa sabata imodzi, muzichiyang'ana pang'ono tsiku lililonse. Musamachikulitse ndi zala n'kumafufuza kachiphuphu, chiyang'aneni chonse monga mmene mungayang'anire cha mnzanu. Ambiri amene ndinawauza izi amabweranso n'kunena kuti chayamba kuwakomera.

Kenako kamera italikire. Kafukufuku wa Boris Paskhover ndi anzake wa mu 2018 anapeza kuti chithunzi chojambulidwa pa masentimita 30 chimakulitsa mphuno ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi chojambulidwa pa mita imodzi ndi theka. Mphuno imene mumadandaula nayo mukadzijambula nokha mwina si yanu, ndi ya dzanja lalifupi. Perekani foni kwa mnzanu, abwerere m'mbuyo mapazi awiri kapena atatu, aikweze ilingane ndi maso anu. Yang'anani kumene kukuchokera kuwala, monga pawindo. Dzuwa la paliwombo lipeweni, limakumba mithunzi m'munsi mwa maso.

Tulo musatipeputse. Ofufuza a ku Karolinska Institutet ku Stockholm anajambula anthu 23 atagona mokwanira, n'kuwajambulanso atakhala maso maola 31. Oonera zithunzizo anati osagonawo akuoneka otopa, osakhala bwino m'thupi komanso osakopa kwenikweni. Ngati mawa kuli kujambulitsa, gonani msanga.

Za kumwetulira, ine sindiuzanso munthu kuti "sekererani". Akauzidwa choncho amangotulutsa mano, maso ali gwa. Ndimamufunsa za mwana wake kapena za munthu amene amamuseketsa, ndiye akamayankha masaya amakwera, m'mbali mwa maso mumachita timakwinya, pamenepo ndimadina. Inunso muzicheza ndi wokujambulaniyo, ajambule zambiri motsatizana.

Posankha choti muike pa Facebook kapena pa kalata yofunsira ntchito, musasankhe nokha. Wofufuza wina, David White, ndi anzake anapeza mu 2017 kuti zithunzi zimene anthu osatidziwa amatisankhira zimakopa ena kuposa zimene timasankha tokha. Inu mumasakasaka cholakwika chimene mumachidziwa kale, wina amangoona munthu wansangala. Patulani zithunzi zisanu, tumizani kwa anthu atatu amene sangakunamizeni, aliyense aloze chimodzi popanda inu kuwauza chimene mwachikonda. Mtsikana uja anachita zomwezo, ndipo awiri mwa atatuwo analoza chithunzi chomwe chija ankafuna ndichifufute.