Kusamalira bulu kapena kavalo amene wasiyidwa ndi njala

Bulu amene eni ake amusiya amadziwika ali patali. Nthiti zimawerengeka, mafupa a m'chiuno amatuluka, mutu umakhala pansi, ndipo pakhosi pamakhala zilonda za goli la ng'ombe. Kuno ku Mzuzu abulu ena otere amachokera m'madera a ngolo a m'maboma a Mzimba ndi Rumphi. Akavalo ndi ochepa, koma chisamaliro chake sichisiyana kwenikweni.

Musanamugwire, dziwani mwini wake. Pitani kwa amfumu ndi kwa alangizi a ziweto a m'deralo, mwini akupatseni nyamayo pamaso pa mboni, zilembedwe. Akakana pamene nyama ikuvutika, nkhaniyo ipite kupolisi, chifukwa lamulo la Protection of Animals Act limaletsa nkhanza kwa nyama. Ngati mukumuchotsa boma lina, tengani chilolezo ku ofesi ya za ziweto. Wofooka musamuyendetse mtunda wautali. Mukwezeni galimoto yoyalidwa udzu pansi, ndipo akafika akhale payekha masabata 3, ndi ndowa yakeyake.

Pamene abulu ambiri opulumutsidwa amafera ndi pa chakudya. Munthu akaona nthiti zija amathamangira beseni la madeya kapena chimanga, ndipo pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu nyama imagwa osadzukanso. Thupi limene lakhala nthawi yaitali ndi njala limakhala litatha mchere wofunika monga phosphorus, potassium ndi magnesium. Chakudya chokhala ndi sitachi wambiri chikalowa mwadzidzidzi, mchere wotsala m'magaziwo umathamangira m'minofu, ndiye mtima ndi mapapo zimalephera. N'chifukwa chake masabata 2 oyamba chakudya ndi udzu wouma basi.

Kwa kavalo wamkulu, perekani theka la kilogalamu ya udzu wouma wabwino maola 4 aliwonse, usana ndi usiku, kwa masiku 3. Kwa bulu wa makilogalamu pafupifupi 100, magalamu 150 mpaka 200 pa nthawi imodzi ndi okwanira. Yezani pa sikelo, musamangotapa ndi manja. Kuyambira tsiku la 4 mpaka la 10, wonjezerani pang'ono tsiku lililonse kwinaku mukuchepetsa maulendo kufika katatu pa tsiku. Pofika tsiku la 10, bulu uja azidya pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka pa tsiku, kenako udzu uzikhala m'khola nthawi zonse. Udzu wa Rhodes umene alimi a ng'ombe za mkaka amasunga ndi wabwino. Masamba ouma a mtedza nawonso amathandiza, bola akhale aukhondo. Nunkhizani musanapereke. Chinyezi cha Mzuzu chimabweretsa chuku msanga, ndipo chimanga cha chuku chimawononga ubongo wa nyama zimenezi. Msipu wanthete wa dzinja auyambe ndi mphindi 15 zokha pa tsiku.

Madeya abwere pakatha masabata 2 kapena 3, chikho chimodzi chaching'ono chonyowetsa. Madeya ambiri kwa miyezi yambiri amafooketsa mafupa chifukwa alibe calcium wokwanira. Chakudya cha nkhuku kapena cha ng'ombe cha m'matumba musapereke n'komwe. China chimakhala ndi mankhwala otchedwa monensin, amene amapha kavalo ngakhale atadya pang'ono. Madzi oyera azikhalapo nthawi zonse: bulu amamwa malita 10 mpaka 20 pa tsiku, kavalo 25 mpaka 40. Bulu amakana madzi akuda ngakhale ali ndi ludzu.

Bulu sasonyeza ululu monga kavalo. Sagubuduzika, amangoima phee, makutu atagwa, akununkhiza udzu osadya. Bulu akasiya kudya tsiku lathunthu, itanani dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, chifukwa mafuta a m'thupi amasungunukira m'magazi n'kuwononga chiwindi. M'mawa uliwonse werengani milu ya ndowe ndipo yezani kutentha kwa thupi: bulu amakhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.8, kavalo pakati pa 37.5 ndi 38.5. Akamalavula udzu wotafuna mwatheka, vuto ndi mano, ndipo amafunika kupalidwa ndi wodziwa. Wogona pansi muzimutembenuza maola 2 kapena 3 aliwonse, ndipo muyese kumuimika anthu anayi, nsalu yolimba itadutsa pansi pa chifuwa.

Mankhwala a njoka zam'mimba adikire mpaka nyama itayamba kudya bwino, patatha masiku 10 kapena 14. Njoka zambiri zikafa nthawi imodzi m'thupi lofooka zimatha kutseka matumbo. Dokotala ndiye asankhe pakati pa fenbendazole ndi ivermectin, ndipo mlingo uyendere kulemera kwa nyama. Pa nkhupakupa, werengani botolo. Dibi wa ng'ombe wokhala ndi mankhwala otchedwa amitraz ndi poizoni kwa kavalo ndi bulu, amaimitsa matumbo. Amene achokera kufupi ndi nkhalango ya Vwaza ayezedwe magazi, chifukwa kumeneko kuli kashembe amene amafalitsa matenda a m'magazi.

Zilonda tsukani kawiri pa tsiku ndi madzi owiritsa theka la lita osakaniza ndi supuni yaing'ono ya mchere. Metani ubweya m'mbali ndipo tetezani ku ntchentche. Oyilo wakuda wa galimoto, phulusa ndi madzi a batire zimawotcha mnofu umene ukuyesa kupola. Pemphani jakisoni wa kafumbata, chifukwa nyama zimenezi zimagwidwa nako mosavuta.

Khola likhale ndi denga ndi pansi pouma. Ubweya wa bulu umalowa madzi, ndipo mvula yowaza ndi chisanu cha June ndi July ku Mzuzu zimamutha mphamvu wowonda. Matope amawoletsa pansi pa ziboda, mumamva ndi fungo. Chotsani matope tsiku lililonse, ndipo ziboda zidulidwe masabata 6 mpaka 8 aliwonse. Zimene zatalika mpaka kupindika musazidule tsiku limodzi. Kavalo azilowa m'khola dzuwa lisanalowe mpaka litatuluka bwino, chifukwa tizilombo tating'ono touluka tofalitsa matenda a African horse sickness timaluma nthawi imeneyo. Funsaninso za katemera wake.

Thupi limabwerera pakatha miyezi 3 mpaka 5, ndipo asagwire ntchito nthiti zisanabisike ndi zilonda zisanamere ubweya. Wofuna kumutenga mukamuyendere kwawo, muone khola, madzi ndi zokokera ngolo. Ngati ali ndi goli lokha, ayambe wapeza lamba wotakata wa pachifuwa wokhala ndi nsalu yofewa mkati, chifukwa bulu amakoka ndi chifuwa, khosi lake silinyamula goli. Abulu awiri ozolowerana apite limodzi, popeza wosiyidwa yekha amatha kuleka kudya. Lembani mgwirizano pamaso pa amfumu woti sadzagulitsidwa popanda inu kudziwa ndiponso kuti mukhoza kumutenganso. Mukamuone pakatha mwezi, kenako pakatha miyezi 3, ndipo ulendo uliwonse muyeze ndi tepi kuzungulira chifuwa kumbuyo kwa miyendo yakutsogolo, muyerekeze ndi nambala ya tsiku limene anachoka kwanu.