Kupempha tchuthi cha abambo mwana akabadwa

Achimwene, mwati ndinu mphunzitsi wa boma, akunyumba atsala pang'ono kuchira, ndiye mukufunsa ngati mungapume. Mungathe. Lamulo la Employment Act, momwe linasinthidwira mu 2021, limapatsa bambo masabata osachepera awiri, malipiro osadulidwa, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse.

Yambani ndi kalata kwa ahedi, ndipo muilembe lero lomwe, musadikire kuti matenda ayambe usiku. Tchulanimo tsiku lomwe mukuyembekezera kuyamba ndi lobwerera. Ndi bwino kuphatikizapo fotokope ya buku la kusikelo.

Akakulolani, pemphani asayine ndi kudinda, kalata ina musunge kunyumba. Apa ndikulimbikira kwambiri, chifukwa chilolezo chapakamwa chimaiwalika, mawa n'kumveka ngati munajomba.

Mwana akabadwa, kaperekeni chikalata cha kuchipatala.